Munthu Sankaima Yekha Pabwalo

Kale, Azungu asanamange nyumba zoweruziramo milandu ku Blantyre ndi ku Zomba, mlandu wa Achewa unkazengedwa poyera, patsinde pa kachere kapena mkuyu, pamene mfumu inkakhala pamphasa itazingidwa ndi nduna zake, ndipo aliyense wodutsa ndi khasu paphewa anali womasuka kulitula pansi ndi kutchera khutu. Wodandaula ndiye ankayamba, atawomba m'manja, nayala mawu ake onse osadulidwa. Kenaka nyakwawa ankabwereza mawuwo kufikira mwini wake atavomera kuti ndi akedi. Ndipo pamenepo mpata unkapatsidwa kwa woimbidwa mlandu, pakuti mfumu yogamula itamva mbali imodzi inkasekedwa ndi ana omwe.

Koma chimene ine ndichiyesa mwala wa pangodya wa chilungamo cha makolo athu ndi ichi, chakuti munthu sankaima yekha pabwalo. Ngakhale akhale wakuba wogwidwa mbuzi ili m'manja, pambali pake pankakhala mtsibweni wake, mwini mbumba, amene ankamulankhulira, kumupepesera, ndi kusenza lipo lake, kaya ndi nkhuku, makasu, mbuzi, kapena, pa mlandu wa magazi, munthu wamoyo woperekedwa kubanja lofedwa. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Ndende kunalibe, chifukwa bwalo linkafuna kuti anthu amene adzakumanabe pamaliro ndi pachitsime athe kudyeranso m'mbale imodzi.

Sindinena kuti zonse zinali zoyera. Pamene umboni unkasowa, makamaka pa mlandu wa ufiti, ankaitana mapondera kuti asinje khungwa la mwavi. Wosanza ankatuluka wopanda mlandu, wakufa ankatengedwa kuti ndiye mfitiyo, ndipo midzi yambiri idalira anthu osalakwa chifukwa cha chikho chimenecho. Boma la Angerezi lidaletsa mwavi ndi lamulo la ufiti la 1911, ndipo pa ichi chokha sindipeza chowatsutsa.

Angereziwo adadza ndi bwalo lao lalikulu m'chaka cha 1902, ndipo m'chaka cha 1933 adavomereza mabwalo a mafumu, koma pa milandu yaing'ono yokha. Anthu athu ankazizwa kuona munthu amene mudzi wonse unkamudziwa kuti ndi mbala akutuluka m'khoti akumwetulira, chifukwa chakuti mboni zasemphana mawu. Komatu chiphunzitso cha khotilo chinali chakuti woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira womuneneza atabweretsa umboni wosasiya chikayiko, ndi kuti loya aime pambali pake monga ankaimira mtsibweni; motero njira ziwirizi, ngakhale zidasiyana chilankhulo ndi zovala, zidagwirizana pa mfundo yakuti munthu wosowa mawu apatsidwe pakamwa pa wina.

Tsono mlandu suwola, ndipo kung'ung'udza kuja kudapeza tsiku lake. Kuyambira 1968 anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zao ku Chilobwe ndi madera ozungulira, mantha nagwira mzinda wa Blantyre. Ndipo pamene bwalo lalikulu lidamasula amuna oganiziridwa m'chaka cha 1969, Dr Kamuzu Banda adapsa mtima, nanena kuti malamulo a Angerezi amabisa achifwamba. Nyumba ya malamulo idapatsa mabwalo otchedwa a makolo mphamvu yozenga milandu yakupha ndi kugamula kuti munthu anyongedwe, ndipo pambuyo pake milandu youkira boma idapitanso komweko. Majaji achingerezi a bwalo lalikulu adatula pansi maudindo. M'mabwalo atsopanowo mafumu ndiwo ankachuluka pampando, apilo inkathera kubwalo lao lomwe, ndipo loya woimira woimbidwa mlandu sankaloledwa kulowamo. Adatenga dzina la makolo, nasiya mtsibweni kunja kwa mpanda.

Albert Muwalo, amene adali nduna yamphamvu, adazengedwa m'bwalo lotere, nanyongedwa m'chaka cha 1977. Koma nkhani imene imandilemera pamtima ndi ya Orton Chirwa, loya woyamba wa dziko lino, amenenso adakhala nduna ya zachilungamo, yemwe dzanja lake lidathandiza kukonza mabwalo a m'midzi m'chaka cha 1962, asadapotozedwe. Iye ndi mkazi wake Vera, nayenso loya, adagwidwa pa 24 Disembala 1981, ndipo adaimirira pamaso pa bwalo la makolo la chigawo cha kumwera ku Soche opanda wowalankhulira, mboni zimene adapempha zitakanidwa. Adagamulidwa imfa m'chaka cha 1983. Maiko akunja atadandaula, chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, Vera natuluka mu Januwale 1993.

Mabwalo aja adaimitsidwa chaka chomwecho cha 1993. Malamulo aakulu a 1994, m'gawo 42, adalemba kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, kuti afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndi kuti akhale ndi loya womuimira. Inu amene m'bale wanu wagona m'chitokosi cha apolisi masiku atatu osaonekera pamaso pa woweruza, pitani mukafunse za gawo limeneli.