Ndodo ya Harrington ndi msana wa mwana wa ku Kanyama

Msana wopindikira kumbali, umene madokotala amautcha scoliosis, ndi vuto lakalekale. Hippocrates wa ku Greece ankamangirira wodwala pathabwa n'kumukoka. M'zaka za m'ma 1500, Ambroise Paré wa ku France ankaveka odwala malaya achitsulo. Msana sunkamva.

Zinthu zinatembenuka mu 1911 ku New York, pamene Russell Hibbs analumikiza mafupa a msana kuti amere pamodzi ngati fupa limodzi. Anayambira pa odwala TB ya msana, ndipo mu 1914 anayesa pa scoliosis. Komabe dzina lotchuka ndi la Paul Harrington wa ku Houston. M'zaka za m'ma 1950 iye ankasamalira ana amene poliyo inawapinda msana, ena mpaka kupuma movutikira. Anawaika m'thupi ndodo yachitsulo yokhala ndi ngowe, yotambasula msana. Poyamba zinamukanika: ngowe zinkaguluka, zitsulo zinkathyoka. Anadzaona kuti chitsulo chimangogwirizira, chokhalitsa ndi fupa lomera pamodzi, njira ya Hibbs ija. N'chifukwa chake ine ulemu waukulu ndimaupereka kwa Hibbs, ngakhale zotsatira zimene Harrington anafalitsa mu 1962 ndizo zinamveka dziko lonse. Ana amene Harrington anawaika ndodo ankatha miyezi ali m'chikhakha, ndipo ena atakula ankadandaula ndi ululu chifukwa ndodo yowongokayo inkafafaniza kupindika kwachibadwa kwa m'chiuno. Mu 1984 Yves Cotrel ndi Jean Dubousset anabweretsa ndodo ziwiri zopindidwa motsata msana, ndipo lero mwana amaimirira patangopita masiku ochepa.

M'makomboni a Lusaka chimene chimawononga ndi kuchedwa. Vutoli limakonda atsikana ongotha msinkhu, ndipo poyamba silipweteka. Phewa limodzi limakwera, mayi n'kuganiza kuti telala ndiye wakhotetsa yunifomu. Opaleshoni amaiganizira msana ukapindika kupitirira madigiri 45 kapena 50, pa muyeso wa John Cobb wa mu 1948. Ukapitirira pamenepo umauma, kuuwongola kumavuta ndipo mitsempha imakhala pangozi. Mwana wa ku Kanyama kapena Chawama amayambira kuchipatala cha m'komboni, n'kutumizidwa kwa madokotala a mafupa ku chipatala chachikulu cha UTH. Kumeneko ayenera kutsimikiza kaye kuti si TB ya msana, nthenda imene Hibbs anayambirapo ija, yomwe imatulutsa linunda ndipo amayamba kuichiza ndi mankhwala.