Njira ya ku Joni: kuchoka pa selefu kufika pa mapu a pafoni

Amalonda anzathu ndi inu madalaivala a mathiraki, ulendo watha m'basi munali phwete titangodutsa pa Beitbridge. Bambo ena aimvi anatulutsa foni yatsopano yopalasa yomwe mwana wawo anawagulira, n'kupempha mnyamata woyandikana nawo kuti awasonyeze podina kuti aone mapu. Achinyamata anaseka, koma ife sitinaseke, chifukwa nafenso foni yotereyi tinaigwira mochedwa, titayenda kale msewu umenewu zaka zambiri ndi kafoni ka mabatani. Ndiye tati tikumbutsane mmene Amalawi takhala tikupezera njira yofikira mumzinda uno, chifukwa nkhaniyi siinayambe ndi foni.

Johannesburg anabadwa mu 1886 golide atapezeka, ndipo eni migodi anakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito lomwe agogo athu ankalitchula kuti Wenela. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha akumpoto ngati kwathu, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo m'migodimo. Chiletsocho chinakhala mpaka m'zaka za m'ma 1930, koma anthu sanasiye kupita. Ankanyamuka okha wapansi, ulendo umene ankautcha selefu. Mapu awo anali pakamwa pa munthu amene anapitako kale. Iyeyo ndiye ankakuuza powolokera Zambezi, famu ya mzungu yomwe ungagwireko ganyu miyezi ingapo kuti upeze ya kamba, komanso dzina la munthu wakwanu woti ukamufunse ukafika ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Kamuzu Banda anayenda ulendo wotere ali mnyamata cha m'ma 1915, nayamba wagwira ntchito pachipatala ku Hartley, komwe pano ndi Chegutu, asanafike ku migodi ya kuno. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anadzera ku Rhodesia komweko mpaka ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU. Ena ambiri anathera panjira, ena anafika koma osabwereranso, ndipo kumudzi anangoti matchona.

Wenela ataloledwanso kulemba anthu kwathu, zinthu zinatembenuka. Munthu sankafunikanso kudziwa njira, ankangonyamulidwa ngati thumba la chimanga. Ukalembetsa ndi kupimidwa, unkakwera ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kuchoka apo sitima ya pamtunda, kenako kumgodi ndi kukompaundi. N'chifukwa chake depoti ya mabasi ija ya ku Blantyre mpaka lero timaitchula kuti pa Wenela. Madala ambiri amene ankatisimbira za ku Joni ali ndi wailesi ndi jekete yawo yaikulu, akanati atsitsidwe pakati pa tauni sakanadziwa kolowera. Malamulo a tsankho sankalola munthu wakuda kumangoyendayenda popanda chiphaso, ndiye ankadziwa mgodi wawo, kantini ndi siteshoni basi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi anafera pomwepo. Kamuzu anaimitsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977, bungwe lija litasintha dzina kukhala TEBA, Theba kwa ife, koma anthu anali ochepa, ndipo kuyambira 1988 zonse zinatha pa mkangano woyeza magazi anthu a m'migodi.

Nthawi yathu amalonda inatseguka nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Isanathe, madalaivala akale akudziwa, kudutsa ku Tete kunali koyenda mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, wina aliyense mtima uli m'mwamba. Mu 1994 kuno ndi kwathu komwe kunachitika zisankho, ndipo msewu unadzaza ndi amayi a zikwama ndi anyamata ofuna maganyu. Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina, kenako N1 mpaka Park Station. Apa tinabwereranso ku nzeru za selefu. Tinkanyamuka ndi kapepala kolembapo nambala ya msuweni kapena mlamu, titakabisa m'sokosi, ndipo tikatsika tinkasaka foni ya ndalama zachitsulo. Akapanda kuyankha, unkagona pabenchi utakumbatira chikwama. Amene wakulandira ndiye ankakuphunzitsa kuti takisi yopita m'tauni umaiimitsa ndi chala choloza kumwamba, ya pafupi chala choloza pansi, komanso kuti ukakhala kutsogolo ndiwe wowerengera dalaivala ndalama. Tinkadziwa njira ya ku Oriental Plaza ku Fordsburg ndi maso, kuwerenga maloboti ndi kuloweza mtundu wa nyumba. Anyamata a matrole nawo anadya zathu zambiri pongotiperekeza mtunda woti mwana akhoza kuyenda.

Pamene ife tinkachita zimenezi, kunja zinthu zinali zikusintha. GPS inali ya asilikali a ku America, ndipo mu May 2000 boma lawo linasiya kuisokoneza dala kwa anthu wamba, n'kuyamba kuloza molondola. Google Maps inabwera mu 2005, WhatsApp mu 2009. Ife tinachedwa, osati chifukwa cha umbuli ayi. Ndalama ya foni yotere inali mpamba wa belo la mabulangete, komanso kafoni ka mabatani kankatha masiku anayi osatchaja ndipo tsotsi sankakafuna. Chomwe chinatigonjetsa ndi makasitomala, amene anayamba kufuna chithunzi cha katundu tisanaode. Tinagula yathu mu 2019, mapu n'kungowapezamo ngati basera.

Tsiku loyamba kuwagwiritsa ntchito tinachita manyazi. Tinkafuna kupita ku Bree komwe tinakwerako takisi kambirimbiri, koma tinati tiyese chida chatsopanochi. Mayi wolankhula m'foni uja akuti tikhotere mu Lilian Ngoyi. Ife tinaima n'kumazungulira, kuganiza kuti foni yasokonekera, pomwe tinali titaima mumsewu womwewo. Maina anasinthidwa cha m'ma 2014 ndi 2015. Bree ndi Lilian Ngoyi, Jeppe ndi Rahima Moosa, President ndi Helen Joseph, Noord ndi Sophie de Bruyn. Amayi anayi amenewa ndi amene anatsogolera amayi pafupifupi 20,000 kupita ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 August 1956 kukakana malamulo a ziphaso, omwe aja ankatsekera agogo athu m'makompaundi. Market naye ndi Albertina Sisulu, Sauer ndi Pixley ka Isaka Seme. Koma kondakitala wa parenki mpaka lero amakuwa kuti Bree, Noord, ndipo mukamufunsa dzina la pafoni akhoza kukuyang'anani ngati mwagwa kumwamba. Madala a Theba nawo amakambabe za Pietersburg ndi Messina pomwe zikwangwani zikuti Polokwane ndi Musina. Wamalonda ayenera kusunga maina onse awiri m'mutu, lina lofunsira foni, lina lofunsira munthu.

Titazolowera, phindu tinaliona. Malo ngati Dragon City ndi China Mall ya ku Crown Mines tinayamba kupita tokha osalipira wotiperekeza, ndipo shopu yobisika m'kati mwa nyumba zosanja za ku Jeppe mwini wake amangotitumizira malo pa WhatsApp. Kuyambira 2017 WhatsApp imalolanso kuti wina azikuonani pomwe mukuyenda, ndiye akunyumba amadziwa kuti basi yaima pabodala osati yagwa. Chimene tinachedwa kuchimvetsa n'chakuti kadontho kosonyeza pomwe muli sikadya bandulo, kamachokera ku masetilaiti. Chofuna intaneti ndi mapuwo. Mukawatsitsiratu muli pa wifi musananyamuke, amagwira ntchito ngakhale pakati pa Tete ndi Nyamapanda pomwe layini ya kwathu yafa. Layini ya kuno nayo siigwira popanda kulembetsa pa lamulo la RICA, ndiye pasipoti ikhale pafupi, ndipo musagule yolembetsedwa kale m'dzina la munthu wosamudziwa.

Inu a mathiraki muli ndi yanu nkhani. Mapu wamba a pafoni amaganiza kuti aliyense ali pa kagalimoto kakang'ono. Sadziwa kutalika kwa ngolo yanu kapena kulemera kwa katundu, amangofuna njira yachidule. Ku Tete akhoza kukulozerani mlatho wakale wa Samora Machel, pomwe olemera amadutsa wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014. Pochokera ku City Deep akhoza kukulowetsani tinjira tam'tauni toti simungathe kukhota kapena kubwerera m'mbuyo. Funsani dalaivala amene anakatsitsako katundu mwezi uno.

Ndipo pali zina zimene sizinalembedwe m'foni iliyonse. Mu May 2008 chipolowe chothamangitsa alendo chinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu September 2019 chinabukanso ku Jeppestown ndi m'kati mwa tauni, ife tili ndi foni yathu yatsopano m'manja. Mapu ankaonetsa misewu yonse ili bwinobwino. Anatipulumutsa ndi mayi wina wakwathu wogulitsa matemba ndi nyemba, amene anatiimbira m'mamawa kuti lero musatuluke, katundu adikire. Pa 19 July 2023 msewu wa Lilian Ngoyi unaphulika ndi gasi wapansi, matakisi n'kugubuduzika, ndipo unatsekedwa kwa nthawi yaitali. Uthenga woti marenki asuntha tinaumvanso kwa anzathu tisanauone pena paliponse. Ngakhale tsiku labwinobwino, munthu woyenda atatukula foni akuyang'ana kadontho m'Small Street amakhala akulengeza yekha kuti ndi mlendo ndipo ali ndi ndalama ya oda. Ife timayang'ana njira tili m'shopu, kuloweza makhota atatu, foni m'thumba lamkati, kenako ulendo.

Bambo a m'basi aja tinakhala nawo pansi titafika pa Park Station. Tinawatsitsira mapu a Johannesburg yense, n'kuwaikira chizindikiro pa renki ya Noord ndi pomwe amagona mphwawo ku Mayfair. Kenako tinang'amba pepala m'buku lathu la ngongole, tinalembapo manambala awiri ndi maina akale ndi atsopano a misewu inayi ija. Iwo analipinda kanayi n'kulilowetsa m'sokosi.