Ng'oma ya ku Japan, ovina a ku Malingunde

Aliyense amene anakwerapo galimoto yakaunjika yochokera ku Japan akudziwa kuti wailesi yake imathera pa 90. Kwawoko FM imayambira pa 76, choncho masiteshoni athu a pamwamba pa 90 samveka mpaka mmisiri ataikamo kachipangizo kowonjezera. Makina aliwonse amabwera ndi ng'oma ya kwawo. Lero ndikufuna ndikambe za ng'oma ina yobisika kwambiri, ya makompyuta akale a magemu.

TV siionetsa chithunzi chimodzi chokhazikika ayi. Imajambula, kufufuta, kujambulanso, kambirimbiri pa sekondi imodzi, mpaka diso n'kupusitsika. Akatswiri oyambirira anafananiza liwiro limeneli ndi kagundidwe ka magetsi a dziko lawo. Ku America magetsi amagunda ka 60 pa sekondi, ndiye njira yawo ya NTSC inatenga 60 ndi mizere 525. Ku Ulaya ndi ka 50, ndipo PAL, yomwe inayamba kuulutsidwa mu 1967 ku Britain ndi ku West Germany, inatenga 50 ndi mizere 625. Ife tinatsata Angerezi: magetsi athu ndi a 230 volts, ogunda ka 50, ndipo Television Malawi itatsegulidwa mu 1999 inali ya PAL.

Nkhani ya Japan njoseketsa. M'zaka za m'ma 1890, Tokyo anagula majenereta ku Germany, a 50, pomwe Osaka anagula ku America, a 60. Mpaka lero dzikolo lili pawiri pa magetsi. Koma pa TV onse anatsata America.

Mu 1983 Nintendo anatulutsa Family Computer, imene ambiri amaitcha Famicom, ndipo chaka chomwecho kunabweranso makompyuta a MSX. Magemu a nthawi imeneyo analibe wotchi ina. Ankawerenga nthawi ndi zithunzi: chithunzi chimodzi, phazi limodzi. Ukalumikiza makina a ku Japan ku TV yodziwa PAL yokha, mitundu imathawa, kapena chithunzi chimangogudubuzika osaima. Ukasewera gemu ya 60 pa makina a 50 osaikonza, zonse zimachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 6, ndi nyimbo yomwe.

Ndili mwana kuno ku Malingunde, tinkaunjikana pa TV yaing'ono ya batire ya galimoto, kusewera Super Mario Bros. ya 1985 pa makina otengera aja a makatiriji achikasu. Ambiri mwa makina amenewo ankapangidwira mayiko a 50. Ndiye kuti Mario wathu ankathamanga mwaulesi poyerekeza ndi wa mwana wa ku Osaka. Ife tinkangoti ndi mmene Mario amayendera basi.

Makompyuta akuluakulu ndiye anali ndi makani ena. Kuwonjezera pa zithunzi, palinso liwiro lojambulira mizere. TV wamba imajambula mizere yoposa pang'ono 15,000 pa sekondi. PC-9801 ya NEC, ya 1982, inkajambula pafupifupi 24,800, ndi zithunzi 56 pa sekondi, kuti zilembo za Chijapani zioneke bwino. X68000 ya Sharp, ya 1987, inkasinthasintha pakati pa 15, 24 ndi 31 kHz. Masikirini ambiri a kompyuta a lero amayambira cha pa 30 kupita m'mwamba. Ukawapatsa 24 amangokulembera kuti sakwanitsa, kenako mdima. Makina ndi abwinobwino, sikirini ndi yabwinobwino, koma woomba ng'oma ndi wovina sakumvana.

Ndiye inu amene mukufuna kuitanitsa zida zoterezi pa intaneti, funsani manambala atatu musanatumize ndalama: zithunzi zingati pa sekondi, mizere ingati, magetsi angati. Lomalizali musaliiwale, chifukwa za ku Japan zimadya 100 volts. Kuzilowetsa pa soketi yathu popanda thiransifoma n'kuotcha ndalama. Ndipo TV yachimimba ija ili kuseri kwa chitseko kwa agogo, musafulumire kuiphwanya chifukwa cha mawaya a kopa. Yang'anani kumbuyo kwake. Ngati palembedwa PAL ndi NTSC pamodzi, Famicom ndi MSX zingathe kuvinira pomwepo. Amisiri akale a mawailesi pa Mitundu ndi pa Nathenje mukacheze nawo akadalipo.

Chimene chimandikhudza n'chakuti pa manambala onsewa, 50, 60, 90, palibe ndi imodzi yomwe imene tinasankha ife. Manambala a 50 ndi 60 anasankha ogula majenereta zaka zoposa 120 zapitazo, ife n'kumangosaka adaputa. Pansi pa minda ya Malingunde panapezeka graphite, mwala womwe umalowa m'mabatire a mafoni amene mukuwerengerapo izi. Ukadzachoka kuno n'kubwerera uli m'makina, ng'oma adzakhala akuomba ndani?