Kupimitsa ndi Katemera wa Anthu Akuluakulu: Nchito ya Anamwino pa Kiliniki

Anthu ambiri muno m'Zambia amadziwa kiliniki ngati malo opitako munthu akadwala, kapena kumene mai amapita ndi mwana kusikelo. Koma kiliniki ili ndi nchito inanso yaikulu imene akuluakulu ambiri sapindula nayo. Nchitoyi ndi yopima munthu amene akumva bwino m'thupi kuti matenda apezeke asanafike poipa, ndiponso yopereka katemera kwa anthu aakulu msinkhu. Amene amaigwira kwambiri ndi anamwino ndi azamba, popeza m'makiliniki ambiri, makamaka a kumidzi, dotolo sapezekako tsiku ndi tsiku.

Cifukwa cace kupimitsa kuli kofunika

Pali matenda ena amene amakhala m'thupi zaka zambiri osaonetsa cizindikiro ciliconse. Ena mwa iwo ndi kuthamanga kwa magazi kumene anthu amakucha BP, matenda a shuga, kacirombo ka HIV, matenda a ciwindi a hepatitis B ndi khansa ya khomo la ciberekero. Munthu amalima, amagulitsa pamsika ndi kudya bwino, pomwe mtima, impso kapena ciwindi zikuonongeka pang'onopang'ono. Pamene ululu uyamba, kawirikawiri matendawo amakhala atakula kale, ndipo kuciza kwace kumakhala kovuta ndi kodula. Kupima koyambirira kumatenga mphindi zowerengeka, ndipo zipangizo zace ndi zazing'ono zoti namwino mmodzi angathe kugwiritsa nchito pa kiliniki ya kumudzi.

Maganizo akuti cithandizo coyamba ca zaumoyo cikhale pafupi ndi anthu anavomerezedwa ndi maiko pa msonkhano wa ku Alma-Ata mu 1978. Muno m'Zambia boma linacotsa malipiro m'makiliniki a kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linawacotsa m'makiliniki a boma m'dziko lonse. Anamwino ndi azamba amalembetsedwa ndi kuyang'aniridwa ndi bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene kale linali kuchedwa General Nursing Council.

Kuthamanga kwa magazi

Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu asanu alionse a zaka 18 mpaka 69 anali ndi BP yokwera.

Popima, namwino amakhazika munthu pampando kwa mphindi zisanu, ndipo amamanga lamba wa makina pamkono. Makinawo amaonetsa manambala awiri. Ngati nambala ya pamwamba yafika 140 kapena kuposa, kapena ya pansi yafika 90 kapena kuposa, namwino amapimanso tsiku lina asanatsimikize kuti munthuyo ali ndi matendawa. Amatero cifukwa mantha, kuyenda mtunda wautali ndi fodya zimakweza magazi kwa kanthawi.

BP yosasamalidwa imabweretsa sitroko, imene imapha ziwalo mwadzidzidzi, komanso matenda a mtima ndi a impso. Uphungu wa anamwino ndi wocepetsa mcere kuti usapitirire magalamu 5 pa tsiku, umene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Mcerewo umawerengedwa pamodzi ndi wa m'kapenta ndi nsomba zouma, ndiponso soda wophikira therere. Amalangizanso kuleka fodya, kucepetsa mowa ndi kulimbitsa thupi kosacepera mphindi 150 pa sabata. Munthu amene wayamba kumwa mankhwala a BP ayenera kumwa tsiku lililonse. Ambiri amaleka akaona kuti mutu wasiya kuwawa, ndipo apa ndi pamene ngozi imagwera.

Matenda a shuga

Kafukufuku yemweyo wa mu 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga wokwera m'magazi. Namwino amalasa cala ndi kuika kadontho ka magazi pa kamakina. Ngati munthu sanadye ciliconse usiku wonse ndipo nambala yafika 7.0 kapena kuposa, amapimidwanso kuti atsimikize.

Oyenera kupimitsa msanga ndi amene ali ndi mbale wodwala shuga, onenepa kwambiri, opitirira zaka 40, odwala BP, ndi amai amene anabalapo mwana wolemera kuposa makilogalamu 4. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuonda popanda cifukwa, kusaona bwino ndi zironda zosapola ndi zizindikiro zosafunika kuzengereza. Shuga wosasamalidwa amapha maso ndi impso, ndipo amacititsa kuti ena adulidwe mwendo.

HIV ndi cifuwa ca TB

Kupimitsa HIV ndiko kumene anthu ambiri anakuzolowera. Boma linayamba kupereka mankhwala a ARV kwaulere m'zipatala zace mu 2005. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anaonetsa kuti anthu 11 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo anali ndi kacirombo, ndipo mwa iwo pafupifupi 89 mwa 100 anali kudziwa mmene alili. Zotsatira za kupima zimatuluka tsiku lomwelo, ndipo wopezeka ndi kacirombo amayamba mankhwala mosacedwa, osadikira kuti adwale. Amai apakati amapimidwanso cindoko, cimene cimapha mwana m'mimba ngati sicinacizidwe.

Pofufuza TB, namwino amafunsa mafunso anai: ngati munthu akutsokomola, akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku, kapena akuonda. Woyankha kuti inde amapereka makhololo kuti akapimidwe pa makina monga a GeneXpert. TB wamba imacizika ndi mankhwala omwa miyezi 6. Onse okhala nyumba imodzi ndi wodwala TB ayenera kupimidwa ngakhale sakutsokomola.

Khansa ya khomo la ciberekero

Iyi ndiyo khansa imene imapezeka kwambiri m'Zambia. Imayamba ndi kacirombo ka HPV kamene kamafala pogonana, ndipo pamapita zaka zambiri kuti kacironda koyamba kasanduke khansa. Amai amene ali ndi HIV ali paciopsezo coposa anzao kasanu ndi kamodzi.

Mu 2006 Unduna wa Zaumoyo, cipatala ca UTH ndi bungwe la CIDRZ anayambitsa nchito yopima khansayi m'makiliniki a mu Lusaka, ndipo anaipereka m'manja mwa anamwino. Namwino amapaka viniga wosungunula pa khomo la ciberekero. Malo amene ayamba kudwala amayera, ndipo amajambulidwa ndi kamera kuti aoneke bwino. Ngati kacirondako ndi kakang'ono, kamaphedwa tsiku lomwelo ndi mpweya wozizira kwambiri kapena ndi kacipangizo kotentha. Zironda zazikulu zimatumizidwa ku cipatala kuti zikadulidwe, ndipo amene khansa yawakhazikika amapita ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007. Nchitoyi inafalikira m'zigawo zonse za dziko lino.

Malangizo a WHO a mu 2021 amanena kuti mai ayambe kupimitsa ali ndi zaka 30, koma amene ali ndi HIV ayambe ali ndi zaka 25 ndipo azibwerako pafupipafupi. Kutaya magazi pambuyo pogonana, kapena pambuyo poleka kusamba cifukwa ca msinkhu, ndi cifukwa copitira ku kiliniki mosadikira tsiku lina. Pa ulendo womwewo namwino amapima mawere ndi kuphunzitsa mai kudzifufuza yekha ngati muli cotupa.

Katemera wa HPV amaperekedwa kwa atsikana asanakumane ndi kaciromboka. Anafika m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14, ndipo mu 2023 anaperekedwa kwa a zaka 9 mpaka 14. Mai wamkulu amene sanalandire katemerayu citetezo cace ndi kupimitsa.

Katemera wa kafumbata

Kafumbata amayamba ndi tizirombo topezeka m'dothi ndi m'ndowe, timene timalowa pacironda. Amaumitsa nsagwada ndi msana, ndipo amapha makanda amene anadulidwa mcombo ndi cinthu cauve. Katemera wace anadziwika kwa zaka zambiri ndi dzina la TT, ndipo masiku ano amaphatikizidwa ndi wa matenda a diphtheria nachedwa Td.

Mai wa msinkhu wobala amalandira nyeleti zisanu. Yoyamba amalandira pamene wafika koyamba ku kiliniki, yaciwiri patapita masabata anai, yacitatu patapita miyezi 6, yacinai patapita caka, ndipo yacisanu patapita caka cina. Wotsiriza zonse zisanu amatetezeka zaka zonse zobala, ndipo citetezoco cimapitanso kwa khanda. Mu 2007 dziko la Zambia linatsimikizidwa kuti lagonjetsa kafumbata wa amai ndi makanda, koma tizirombo tace sititha m'dothi, motero katemerayu sangalekedwe. Abambo nawonso ali paciopsezo. Mlimi wotemedwa ndi khasu, kalipentala wolasidwa ndi msomali, kapena munthu wakupsa ndi moto ayenera kufika ku kiliniki tsiku lomwelo kuti cironda citsukidwe ndi kuti namwino aone ngati afunika nyeleti.

Katemera wa hepatitis B

Hepatitis B imafala kudzera m'magazi, pogonana, ndiponso kucokera kwa mai kupita kwa mwana. Imatha kuumitsa ciwindi kapena kubweretsa khansa ya m'ciwindi. Katemera wace analowa m'ndandanda ya ana a kusikelo mu 2005, kutanthauza kuti ambiri obadwa caka cimeneco cisanafike sanalandire ali ana. Munthu wamkulu amalandira nyeleti zitatu: yoyamba, ina patapita mwezi umodzi, ndi yotsiriza pa mwezi wacisanu ndi cimodzi. Ofunika kwambiri kulandira ndi ogwira nchito m'zipatala ndi okhala ndi munthu amene anapezeka ndi matendawa.

Katemera wa pa nthawi ya mliri

Katemera wa kolera ndi wakumwa, ndipo amaperekedwa kwa akulu ndi ana omwe kuyambira caka cimodzi. Anaperekedwa mu January 2018 m'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, ndiponso mu January 2024 pa mliri umene unapha anthu oposa 700 ndi kucititsa kuti bwalo la National Heroes Stadium lisanduke cipatala. Citetezo cace sicikhalitsa, ndipo salowa m'malo mwa madzi owiritsa kapena othira klorini, cimbudzi ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Katemera wa COVID-19 anayamba kuperekedwa m'dziko lino pa 14 April 2021. Anali katemera woyamba amene akuluakulu ambiri, makamaka abambo, analandira cicokereni ubwana wao. Mu May 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti matendawa salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma okalamba ndi odwala shuga, BP kapena matenda a mtima ndiwo amavutika kwambiri akawatenga.

Ciwewe ndi maulendo

Munthu wolumidwa ndi galu ayenera kutsuka cironda ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndi kuthamangira ku cipatala kuti akayambe katemera wa ciwewe. Zizindikiro za ciwewe zikaoneka, munthu sapulumuka. Oyenda m'maiko monga Democratic Republic of Congo ndi Angola amafunika katemera wa yellow fever, ndipo kuyambira mu 2016 malamulo a zaumoyo a maiko onse amavomereza kuti nyeleti imodzi imakwanira moyo wonse.

Mantha ndi zovuta

Katemera aliyense angabweretse kuwawa pamkono, kutentha thupi pang'ono kapena kufooka kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mphekesera zakuti katemera amaletsa kubala zilibe umboni. Katemera wa kafumbata waperekedwa kwa amai apakati kwa zaka makumi ambiri, ndipo amaiwo anapitiriza kubala.

Zovuta zenizeni ndi zina. Anamwino ndi ocepa poyerekeza ndi odwala, kumidzi mtunda ndi wautali, ndipo nthawi zina mankhwala kapena zopimira zimatha. Abambo ambiri safika ku kiliniki mpaka atalephera kudzuka. Pofuna kucepetsa mavutowa, anamwino amagwira nchito ndi othandiza a zaumoyo a m'midzi ndi makomiti a Neighbourhood Health Committee, ndipo amapita kukapimira anthu kumisika, kumachalichi ndi kumabwalo a mafumu.

Zoyenera kucita

Munthu wamkulu wopita ku kiliniki ayenera kunyamula khadi lace la kucipatala, khadi la katemera ngati lilipo, ndi mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo azitsamba. Ali ndi ufulu wopempha kuti apimidwe BP ngakhale wabwera ndi vuto lina, kapena wangoperekeza mwana. Ayenera kufunsa manambala amene apezeka, kuonetsetsa kuti alembedwa, ndi kudziwa tsiku lobwereranso. Zotsatira za kupima ndi cinsinsi ca iye ndi namwino. Amene wapatsidwa kalata yopita ku cipatala cacikulu asaisunge m'cikwama, cifukwa kupima kumathandiza pokhapokha ngati cithandizo catsatira.