Mmene Munthu Anaphunzirira kwa Thadzi

Kuyambira kale lomwe, Acewa, Atumbuka ndi Angoni a m'dziko la Lundazi akhala akuweta nkhuku. Nchito yoswa anapiye anaisiyira thadzi. Mai ankangoyala udzu m'mphika wosweka kapena m'dengu, naika pamalo obisika, ndipo thadzi linkafungatira masiku 21. Munthu akatola mazira a nkhanga kuthengo ankaikira thadzi lomwelo, nadikira masiku 26 kufikira 28. Makolo analibe coyesera, koma anaona kuti thadzi limatembenuza mazira ndi mlomo wace, ndi kuti likacokapo nthawi yaitali mazira amasukusa.

M'maiko ena anthu anafuna kuswetsa mazira ambiri popanda thadzi. Aigupto anayamba zaka zoposa 2,000 zapitazo. Iwo ankamanga nyumba za njerwa, nasonkhamo moto wa ndowe, ndipo poyesa kufunda ankakhudzitsa dzira pacikope. Mu 1749 René Réaumur wa ku France anafalitsa buku lofotokoza mmene anaswetsera mazira m'migolo yokwiriridwa m'ndowe za akavalo, akuyesa kufunda ndi cipangizo coyesera kutentha. Mu 1881 Charles Hearson wa ku England anatulutsa makina odzicepetsera okha moto ukakula. Conco cimene thadzi limacita mwacibadwa cinalembedwa m'manambala.

Manambalawo ndi awa. Kufunda kukhale madigiri 37.5 kufikira 38 pa muyeso wa Celsius. Cinyontho ca mpweya cikhale ngati magawo 55 pa 100 kufikira tsiku la 18, ndipo masiku atatu otsiriza cikwere kufika 65 kapena 70, mazira osawatembenuzanso. Cifukwa cace n'cakuti cikamba ca dzira ciri ndi timaboo tosaoneka, momwe madzi amatulukira pang'onopang'ono. Mpweya ukauma kwambiri, mwanapiye amamatirira ku nembanemba. Ukanyowa kopambana, malo a mpweya m'dziramo amacepa, ndipo amafa asanaboole.

Nyengo ya ku Lundazi imayesa munthu wa makina pa zonse ziwirizi. Usiku wa June ndi July kumazizira, ndipo bokosi limataya kufunda m'bandakuca. Mu October mpweya umauma, mbale ya madzi ya m'makina niphwa msanga. Mvula ikagwa, cinyontho cimacuruka cokha. Kunjaku kulinso bvuto la magetsi: mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri tsiku ndi tsiku m'Zambia. Thadzi likasukusitsa, banja limataya mazira khumi. Makina akazizira, atha kutayika mazana pamodzi ndi ndalama zogulira.

Tsono amene wagula makina wadzitengera udindo wonse wa thadzi. Ayenera kudzuka usiku kukaona coyesera, kuthira madzi m'mbale, ndi kufunditsa bokosi ndi bulangete magetsi akazima, kufikira tsiku la 21.