Kusankha ndi kugula njinga yatsopano: zoyenera kudziwa munthu wamkulu asanatulutse ndalama

M'madera ambiri akumidzi m'chigawo cha kum'mwera ndi pakati pa Africa, njinga yakapalasa ndi katundu wamtengo wapatali amene banja limagula likagulitsa zokolola. Ndiyo imapititsa chimanga kuchigayo, wodwala kuchipatala ndi mphunzitsi kusukulu. M'mizinda monga Mzuzu ku Malawi, Chipata ku Zambia ndi Quelimane ku Mozambique, anthu akhala akudyetsa mabanja awo ponyamula anzawo panjinga, ngakhale kuti njinga zamoto zikunka zichuluka. Kaamba ka ichi, kulakwitsa posankha njinga kumapweteka m'thumba kwa zaka zingapo.

Mtengo wolembedwa m'sitolo ndi malipiro oyamba chabe, pakuti njinga imapitiriza kudya ndalama za matayala, machubu ndi amisiri. Njinga yabwino ndi imene ikugwirizana ndi zinthu zitatu: ntchito imene idzagwire, msinkhu wa mwini wake, ndi zipangizo zimene zimapezeka pamsika wapafupi.

Ntchito ndiyo itsogole

Njinga yodziwika kwambiri m'chigawochi ndi ija yakuda, yachitsulo chokhachokha, ya giya imodzi, yomwe pa Chingerezi amati roadster. Maonekedwe ake adachokera ku England, komwe John Kemp Starley adapanga njinga ya Rover m'chaka cha 1885 mumzinda wa Coventry, ya magudumu awiri ofananirako kukula ndi tcheni chopita kugudumu lambuyo. Pambuyo pa makampani a ku Britain monga Raleigh ndi Humber, msikawu udatengedwa ndi njinga zochokera ku India, monga Hero ndi Avon, komanso ku China, monga Phoenix. Dziko la Zambia lidali ndi fakitale yakeyake ya Luangwa Industries ku Chipata, yomwe inkapanga njinga za Eagle. Popeza njinga zonsezi n'zofanana kapangidwe, zipangizo zake zambiri zimalowana, ndipo pafupifupi mmisiri aliyense wa pansi pa mtengo amadziwa kuzikonza. Vuto lake ndi kulemera komanso kuvuta pachitunda.

Mtundu wachiwiri ndi wa njinga zopangidwira katundu wolemera ndi misewu yafumbi. Chitsanzo ndi Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2005. Njingayi imamangidwa m'maiko angapo kuphatikizapo Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, imalemera makilogalamu oposa 20, ndipo pakaliyala pake pamatha kukhala katundu wa makilogalamu 100. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma imapirira ntchito ya kabaza, ya makala ndi yonyamula mkaka.

Mtundu wachitatu ndi mountain bike, ya matayala onenepa ndi magiya ambiri, yomwe imathandiza m'madera amapiri. Apa wogula ayenera kusamala kwambiri, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Njinga zambiri zotsika mtengo za mtunduwu zimabwera ndi masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Masipuling'i otchipawo amawonjezera kulemera, amameza mphamvu ya wopalasa, amayamba kugwedera pakapita kanthawi, ndipo akumbuyo amalepheretsa kumanga kaliyala bwinobwino. Njinga za mpikisano, za matayala owonda, zimafuna msewu watala wosalala ndipo sizidapangidwire katundu.

Felemu nayo ndi yofunika kuiganizira. Yachitsulo imalemera, koma ikang'aluka wowotcherera wa pamsika aliyense atha kuilumikiza. Ya aluminiyamu ndi yopepuka ndipo sichita dzimbiri lofiira, koma kuiwotcherera kumafuna makina apadera omwe sapezeka wamba.

Msinkhu wa wopalasa

Njinga ili ngati nsapato, iliyonse ili ndi saizi yake. Njinga za roadster za akuluakulu zimapezeka kawirikawiri mu saizi ya mainchesi 22 ndi 24, pamene zamakono zambiri zimalembedwa S, M kapena L. Koposa zolembazo, wogula ayenera kuyeza ndi thupi lake. Akaima pakati pa njinga mapazi onse ali pansi, payenera kutsala mpata wa masentimita angapo pakati pa thupi ndi chitsulo chopingasa chapamwamba. Mpatawo ukasowa, munthu amavulala akatsika mwadzidzidzi.

Poyeza chishalo, munthu akhale n'kuika chidendene papedulo ili pansi penipeni, ndipo mwendo uyenera kuwongoka. Akamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo limakhala lopindika pang'ono, ndipo ndiwo mlingo woyenera. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa maondo, pamene chokwera kwambiri chimachititsa chiuno kupendekekera uku ndi uku. Pa chitsulo chokwezera chishalo pamakhala mzere wosonyeza malire. Ngati chishalo chikufika pa msinkhu woyenera pokhapokha mzerewo utaonekera kunja, ndiye kuti njingayo ndi yaing'ono kwa munthuyo.

Njinga yopanda chitsulo chopingasa chapamwamba, imene ambiri amati yachizimayi, ndi yabwino kwa wovala chitenje kapena siketi, kwa achikulire, ndi kwa aliyense amene amakwera ndi kutsika pafupipafupi. Komabe pa katundu wolemera kwambiri, felemu yokhala ndi chitsulocho ndiyo imalimba koposa.

Matayala ndi zipangizo zina

Asanasankhe njinga, wogula wanzeru amayamba wayendera ogulitsa zipangizo a kwawo kuti aone zimene ali nazo. Njinga yosowa tayala loyenera imangokhala m'nyumba n'kumayanikidwapo zovala, ngakhale ikhale yodula chotani.

Nkhani ya matayala imasokoneza anthu ambiri chifukwa pali matayala awiri osiyana omwe onse amatchedwa 28. La roadster limalembedwa 28 x 1½ ndipo limalowa pa limu ya mamilimita 635. Lina, lomwe limatchedwanso 700C, ndi la mamilimita 622, ndipo mlingo womwewu ndiwo wa matayala a 29. Kusiyana kwa mamilimita 13 kumeneku n'kokwanira kuti tayala la njinga ina lisalowe pa inzake. Tayala la 26 la mountain bike ndi la mamilimita 559, pamene la 27.5 ndi la 584. Nambala yodalirika imalembedwa m'mbali mwa tayala motere: 40-635 kapena 50-559. Yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, ndipo yachiwiri ndiyo iyenera kufanana ndi ya limu.

Machubu nawo ali ndi mavalavu amitundu itatu: Dunlop, wopezeka pa njinga zambiri zakuda, Schrader, wofanana ndi wa galimoto, ndi Presta, woonda uja wa njinga za mpikisano. Ndi bwino kugula pampu yogwirizana ndi valavuyo tsiku lomwelo. Pa njinga yonyamula katundu, gudumu lambuyo likhale ndi masipoko okhuthala osachepera 36, popeza ndilo limasenza kulemera kwambiri.

Magiya ndi mabuleki

Giya imodzi siivuta kusamala ndipo ndi yokwanira m'madera achidikha monga chigwa cha Shire. Wokhala kumapiri amene safuna magiya ambiri angathe kupepukitsa njinga yake posintha kagudumu ka mano ka kumbuyo. Mwachitsanzo, pa roadster yokhala ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, mapedulo akazungulira kamodzi njinga imayenda pafupifupi mamita 5 ndi theka. Kumbuyoko kukaikidwa ka mano 22, imayenda pafupifupi mamita 4 ndi theka: liwiro limatsika, koma chitunda chimakwereka ngakhale ndi thumba la chimanga.

Magiya ambiri amathandiza, koma chida chosinthira magiyawo chimalendewera pafupi ndi nthaka, ndipo chimapindika msanga njinga ikagwa kapena ikakwezedwa pamwamba pa basi. Kuchuluka kwa magiya sikusonyeza ubwino wa njinga. Magiya 7 olowa bwino amaposa 21 odumphadumpha.

Mabuleki a ndodo zachitsulo a roadster amakhalitsa, koma pa malimu achitsulo chonyezimira amachedwa kugwira mvula ikagwa. Mabuleki a waya pa malimu a aluminiyamu amagwira bwino koposa. Buleki yopondera mapedulo chambuyo ili m'kati mwa habu, choncho matope ndi madzi siziifika msanga, koma imatentha potsetsereka patali ndipo imaleka kugwira tcheni chikaphotchoka. N'chifukwa chake njinga yokhala ndi mabuleki awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi yodalirika m'madera a zitunda.

Kuyendera njinga m'sitolo

Njinga zambiri zimafika m'chigawochi zili m'makatoni, zosamangamanga, ndipo amazimanga ndi antchito a m'sitolo, nthawi zina mofulumira. Motero njinga ziwiri za dzina limodzi zikhoza kusiyana ubwino. Safunsa anadya phula: wogula apemphe kuyesa njinga yeniyeni imene akufuna kutenga, osati yachionetsero.

Akanyamula njinga n'kuzungulitsa gudumu, limu isapotokere uku ndi uku. Masipoko akafinyidwa awiriawiri akhale okungika mofanana. Gudumu likagwedezedwa cham'mbali lisagogode, ndipo chimodzimodzinso chiwongolero munthu akagwira buleki yakutsogolo n'kukankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mabuleki agwire chogwirira chisanafike pa chiwongolero. Malo onse olumikizira felemu akhale opanda ming'alu, ndipo foloko ikhale yowongoka. Pomaliza, wogula aikwere pang'ono: njinga yomangidwa bwino imayenda molunjika popanda kukokera mbali imodzi.

Powerengera ndalama, asaiwale belu, nyale, zonyezimira usiku, loko, pampu, zomatira chubu ndi malipiro a mmisiri. Wogula pangongole awonkhetse zonse zimene adzalipire pofika kumapeto, n'kuyerekeza ndi mtengo wolipira nthawi imodzi. Afunsenso ngati sitoloyo imakonza kapena kusintha njinga ikapezeka ndi vuto, ndipo lonjezolo lilembedwe.

Njinga itagulidwa

Njinga zambiri zili ndi nambala yodindidwa pa felemu, kawirikawiri kunsi kwa pomwe pamazungulira mapedulo kapena pafupi ndi chishalo. Nambalayi ilembedwe pa lisiti, ndipo lisitilo lisungidwe bwino, chifukwa ndilo umboni kupolisi njinga ikabedwa kapena ikamagulitsidwa kwa munthu wina.

M'masabata oyambirira masipoko amakhwefuka, mawaya a mabuleki amatamuka ndipo manati ena amamasuka. Ndi nzeru kupita nayo kwa mmisiri wodalirika isanayambe kusenza katundu wolemera, kuti akunge magudumu ndi kuika girizi m'mahabu, kenaka n'kubwereranso pakatha mwezi. Womanga yekha akumbukire kuti pedulo yakumanzere imamangidwa mozungulira chakumanzere, mosiyana ndi mabawuti ambiri, ndipo kuikakamiza kumawononga mazinga ake.

Malamulo a pamsewu amasiyana malinga ndi dziko. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, magalimoto ndi njinga zimayenda kumanzere, pamene ku Angola ndi ku Democratic Republic of Congo zimayenda kumanja. Ku South Africa lamulo lakhala likukakamiza wopalasa njinga kuvala chisoti chodzitetezera kuyambira m'chaka cha 2004. Kulikonse kumene munthu ali, nyale yoyera kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo ndi zofunika kwa woyenda m'bandakucha kapena dzuwa litalowa, pakuti nthawi zimenezi ndi pamene oyendetsa galimoto amavutika kuona wapanjinga.