Mbiri ya Mawu a Chingerezi Onena za Kuopa Mulungu

Chingerezi chili ndi mawu angapo onena za munthu woopa Mulungu ndi zinthu za Mulungu: "godly", "holy", "pious", "devout", "sacred" ndi "divine". Wophunzira chiyankhulochi amawaona ngati ana a mimba imodzi, koma eni ake sawasinthanitsa mwachisawawa. Mawuwa anachokera kosiyana, analowa m'Chingerezi pa nthawi zosiyana, ndipo lililonse likadali ndi fungo la kwawo.

Akale kwambiri ndi "god" ndi "holy". Mitundu ya Anglo-Saxon inali nawo kale isanamve za Chikhristu, moti Augustine, wotumidwa ndi Papa Gregory, atafika ku Kent mu 597, alaliki anangotola mawu amene anawapeza n'kuwapatsa ntchito yatsopano. "Holy" ankalitchula kuti "halig", ndipo m'bale wake ndi "hal", kutanthauza chathunthu, chopanda chilema. Pa tsinde lomwelo panaphuka "whole", "heal" ndi "health". Nalo liwu loti "holiday", limene lero ndi tchuthi wamba, poyamba linali tsiku loyera. Ambiri amaganiza kuti "god" ndi "good" ndi pachibale chifukwa amamveka mofanana, koma si choncho. Chisokonezochi nchakalekale: "gospel" poyamba linali "godspel" ndi "o" wokoka, kutanthauza uthenga wabwino, koma katchulidwe katasintha anthu anayamba kulimva ngati nkhani ya Mulungu.

Liwu lina la nthawi imeneyo linayenda ulendo womvetsa chisoni. "Saelig" linkatanthauza wodala. Pang'onopang'ono wodalayo anasanduka wosalakwa, kenaka womvetsa chifundo, mpaka anafika pokhala chitsiru, ndiye "silly" wa lero uja. M'Chijeremani, m'bale wake "selig" akutanthauzabe wodala.

Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa chinali chiyankhulo cha akuluakulu, Chilatini chili cha tchalitchi. Apa mpamene "saint", "religion", "devout", "divine" ndi "sacred" analowera. Obwerawa sanathamangitse eni mudzi, anangogawana nawo malo. "Holy" linatsala pa chiyero chochokera kwa Mulungu mwini, pomwe "sacred" linatenga zinthu zimene anthu azipatula n'kuziikira ulemu, monga malo, lumbiro kapena udindo. Nchifukwa chake Mngerezi amati "Holy Spirit" ndipo sanganene "Sacred Spirit", koma nyimbo za m'tchalitchi amazitcha "sacred music". Ngakhale wosapemphera akhoza kunena kuti lonjezo lake ndi "sacred". "Divine" limaloza ku umulungu weniweniwo, pomwe "devout", lochokera ku liwu la Chilatini lonena za chowinda, limanena za khama la munthu pa mapemphero ndi miyambo ya chipembedzo chake, kaya ndi Mkhristu, Msilamu kapena Mhindu.

Nkhani yokoma kwambiri ndi ya "pietas". Kwa Aroma liwuli linali udindo wa munthu kwa milungu, kwa makolo ndi kwa dziko lake, zonse pamodzi. Podutsa m'Chifalansa linayamba kutanthauzanso chifundo, ndipo m'Chingerezi linabala mapasa, "pity" ndi "piety". Kwa nthawi yaitali awiriwa ankabwerekana matanthauzo, kufikira pamene "pity" linatsala pa kumvera chisoni mnzako, "piety" n'kupita ku ulemu wa kwa Mulungu. Tanthauzo la Chiroma lija silinaferetu. M'Baibulo la King James la 1611, "piety" likupezeka kamodzi kokha, pa 1 Timoteyo 5:4, ndipo pamenepo nkhani ndi yakuti ana ndi adzukulu asamale amayi ndi agogo awo amasiye.

"Godliness" linakula chifukwa cha omasulira Baibulo. M'Chipangano Chatsopano muli liwu la Chigiriki loti "eusebeia", limene likupezeka kwambiri m'makalata a kwa Timoteyo ndi Tito, ndiponso mu 2 Petro. Baibulo la Chilatini linaika "pietas" pamenepo. William Tyndale, amene Chipangano chake chinasindikizidwa ku Worms mu 1526, anamasulira kuchokera ku Chigiriki ndipo ankakonda mawu oti mlimi wamba awamve, choncho anasankha "godliness". Akatolika amene anatulutsa Chipangano chawo ku Rheims mu 1582 anakakamira ku Chilatini n'kulemba "piety". A King James anatsata Tyndale, yemwe anali ataphedwa kale ku Vilvoorde mu 1536. Kusiyana kwa mawu awiriwa kunakhala ngati malire a mipingo, ndipo mpaka lero "godly" limamveka kwambiri pakamwa pa Apulotesitanti. Silitanthauza wofanana ndi Mulungu mu mphamvu kapena ulemerero, poti limenelo ndi "godlike". Limanena za khalidwe la tsiku ndi tsiku la munthu amene moyo wake ukuyendera chifuniro cha Mulungu.

Anthu amene adani awo ankawanyoza kuti "Puritans" kuyambira cha m'ma 1560 ankadzitcha okha "the godly". Nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640 inawapatsa mphamvu pansi pa Oliver Cromwell, koma ufumu utabwezeretsedwa mu 1660 dzina lodzitamandira lija linasanduka choseketsa. Wodzitcha yekha woopa Mulungu anthu amamuyang'ana ndi diso lokayika, ndipo mawu onena za anthu ndi amene anavulala. "Sanctimonious" poyamba linali loyera ndithu; m'masewero a Shakespeare limapezeka ndi matanthauzo onse awiri, labwino ndi lachipongwe, koma lero latsala pa kudziyeretsa kwa chiphamaso. "Pious" lili pakati: likhoza kuyamikira, likhozanso kujeda wopemphera modzionetsera. "Enthusiasm" linayenda chobwerera. M'zaka za m'ma 1700 linali chitonzo kwa otsatira John Wesley, kuti akudzinamiza kuti agwidwa ndi Mulungu, pomwe lero ndi chidwi chabe. Wesley yemweyo ndi amene anatchukitsa mwambi woika ukhondo pafupi ndi "godliness", umene ambiri amaufufuza m'Baibulo osaupeza.

M'Chingerezi cha masiku ano ena mwa mawuwa atuluka m'tchalitchi. Keke yokoma amaitcha "divine", kudzutsidwa pakati pa usiku ndi "ungodly hour", ndipo womwa mankhwala ake mosadumphitsa amati akumwa "religiously". "Godly" lenilenilo latsalira m'maulaliki.

Omasulira Baibulo m'Chichewa anakumana ndi mphambano yomweyi ya "holy" ndi "sacred". Baibulo la 1922 analitcha Buku Lopatulika, dzina lotsamira pa kupatula, pomwe la 1998 ndi Buku Loyera, lotsamira pa kuyera. Pa 1 Timoteyo 4:8, pamene Tyndale anaika "godliness", Buku Lopatulika linaika "chipembedzo", liwu limene Amalawi ambiri lero akalimva amaganiza za Chikhristu, Chisilamu kapena mpingo umene munthu amapitako.